Mlendo wa ku Kasungu M'chigafa Changa

Amene akuti Gondwe ndi wabodza abwele aime apa ndimuone nkhope, chifukwa chipinda ndikunenachi chikadalipo kuseli kwa nyumba yanga pa boma la Lundazi, ndipo zonse ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa.

Poyamba chinali chigafa cha fodya. Chaka chotsatila chaka cha njala chija tinadya chimanga chachikasu, ndinachimata bwinobwino n'kuikamo bedi ndi chitseko kuti alendo azigonamo. Mkazi wanga Nyazimba atachiona anangoti, "A Gondwe, mwagwila ntchito. Tsiku limene chidzagone chopanda mlendo, amama abwela kuchokela ku Magodi kudzakhalamo mpaka kalekale."

Mukumva? Apongozi pabwalo langa! Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini saphana maso ndi apongozi, sadya iwo akuona, akawaona m'njila amapatukila kutchile. Nanga ine ndikanapatukila kuti, njila ya kuchimbudzi ikudutsa pakhomo pawo penipeni? Ndinalumbila kuti bedi limenelo silidzazizila, ndipo ndinayamba kufunafuna anthu ondibweletsela alendo.

Woyamba anali Zondani, kondakita wa minibasi ya ku Chipata. Pa kuchuluka kwa alendo palibe womuposa, koma ankalongedza chipinda monga amalongedzela minibasi, ena pabedi, ena kunsi kwa bedi, wina pawindo miyendo ili kunja, iye ali pakhomo kukuwa kuti sendelani malo alipo, mpaka makoma anafufuma ngati mimba ya ng'ombe yokhuta msipu, ndipo m'mawa anthu aja, pozolowela galimoto yokana kulila, atadzuka n'kuona kuti sakuyenda anatuluka onse n'kuyamba kukankha, chipinda chinasuntha ndi maziko omwe mpaka m'munda wa mtedza wa aneba, wina kumbuyo akufuula kuti adalaivala ponyani giya! Ndinachita kubweleka ng'ombe kuti ndichibweze pamalo. Zondani ndinasiyana naye tsiku lomwelo.

Kenako ndinapita kwa Nyamtonga wogulitsa vitumbuwa pamsika. Ameneyu alendo ankawasankha ngati mbewu: mfunda wanu ndani, kwanu n'kuti, mumapemphela kuti. Anthu ake anali aulemu, ovula nsapato pakhomo. Koma m'mawa aliyense ankamukhazika pabenchi n'kumufunsa kuti wagona bwanji, ndipo yankholo ankaligulitsa limodzi ndi vitumbuwa. Mphunzitsi wina anangodandaula za nsikidzi imodzi, imodzi yokha abale anga, koma pofika masana nsikidziyo inali itakula ngati kamba, mbili yake pofika kudela la Mphamba inali itamela nyanga, ndipo madzulo munthu wochokela komweko anandigwila dzanja n'kundipepesa kuti wamva yandidyela mbuzi. Ndinathamangila kukhola kukaona. Mbuzi munalibedi!

Amene anandisunga ndi amalonda a panjinga ochokela ku Kasungu, ouzana okhaokha m'tinjila ta m'malile kuti kwa Gondwe kuli pogona. Anthu ofatsa amenewo. Njinga ankaigoneka pabedi n'kuifunditsa bulangete, eni ake pansi. Wina akamatuluka mnzake akulowa, ine n'kumayenda pachifuwa pali kutsogolo. Sindinadziwe kuti mdani wawo ndi mvula. Mitsinje itangodzaza, anasiya kubwela onse ngati achita kupangana.

Ndiye tsiku lina dzuwa lapendeka, bedi lili lokhalokha. Ndathamanga kusiteshoni, palibe. Kumsika, palibe. Ndinafika mpaka pachipata cha chipatala kunyengelela odikilila odwala, onse anakana. Palibe amene anatumiza uthenga ku Magodi, ndikulumbila, apongozi anangonunkhiza okha fungo la bedi lopanda munthu ali kumunda, chifukwa pobwelela kunyumba ndinaona ngolo ya ng'ombe ikukhota pamsewu wathu, pamwamba pali mtondo, mphasa, dengu la nkhuku, ndi iwo eni ake atakhala pamwamba pa zonsezo ngati abwela kudzalandila ufumu.

Ndinadumpha mpanda wakuseli, kulowa m'chipinda, kukhoma chitseko, kufunda mpaka kumutu. Ndinamva Nyazimba akuti, "Tsikani amama, chipinda chanu ndi ichi." Kenako mawu a apongozi ali pangolo pomwepo: "Odi, monile! Kodi muli munthu umo?"

Apa ndinakumbuka kuti anthu a ku Kasungu sanena kuti bwela ngati ife, amati bwera, lilime likunjenjemela. Ine sukulu ndinaithawa msanga, sindinkadziwa kuti kunjenjemelako kuli ndi malo ake, ndinangokuthila paliponse ngati mchele wa mkazi wokwiya:

"Musarrowe mayi! Murrendo arri muno, marro parribe! Ndabwerra rrerro, ndikharra mpaka mvurra irreke!"

Mukumva? Lilime langa linalila ngati injini ya chigayo, udzu wa padenga unathothoka wokha, agalu a pa boma onse analowa m'mauna, nkhuku za m'dengu zinaikila mazila osweka kale, ndipo ng'ombe zija, poyesa kuti ndi mkwapulo wamtundu watsopano, zinatembenuka popanda wozikhotetsa n'kuliyatsa liwilo loti apongozi anafika ku Magodi "yewo" wawo wotsanzika akadali m'malele pabwalo langa. "Yewo" ameneyo ndinamumva ndi makutu angawa akutsika pang'onopang'ono pafupi ndi mtengo wa mango.

Mtima unakhala pansi. Ndinapuma mpweya umene unazimitsa mbaula ya aneba. Ndinatuluka ndikumwetulila, kulunjika kunyumba yaikulu kuti ndikadye ngati mwamuna wopambana, koma ndinapeza Nyazimba ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Pepani bambo a ku Kasungu," anatelo, atagwada pang'ono mwaulemu. "Ine ndine mkazi wapabanja, ndipo amuna anga kulibe. Mwati mukhala mpaka mvula ileke. Chipinda chanu ndi icho."

Chaka chimenecho mvula inaleka mochedwa kuposa zaka zonse zimene ndakhala pansi pano, ndipo ndinagona m'chigafamo mpaka chimanga chinauma m'munda. Sekani ngati mukufuna. Koma apongozi sanagonemo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka lelo akakumana ndi munthu wa ku Kasungu amamuimitsa n'kumufunsa ngati mbale wake wodwala lilime uja anachila.