Tsiku Limene Ndinavula Madam Chitenje ku Holo

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimatuluka thukuta, ndipo si chifukwa cha dzuwa la ku Bangula ayi. Ndi manyazi. Ndikuuzani ndekha, chifukwa a mumsika akamaifotokoza amaithira mchere wambiri.

Ine ndimagulitsa milamba youma mumsika. Amuna anga, bambo a Lonjezo, ndi a kabaza. Chikwatiwire, munthuyu sanandigulirepo nsalu ndisanayambe ndafufuma sabata yathunthu. Ndiye Loweruka lina akutulukira ndi chitenje chatsopano, chobiriwira, cha maluwa achikasu.

"Nachi, muzitchena," anatero.

Ndinatchenadi. Kutchalitchi chomwecho, kumsika chomwecho, kuyenda monyang'wa ngati mtsikana wa chinkhoswe.

Lachinayi mai Domingo, amene benchi yawo inagundana ndi yanga, anandiyang'ana m'chiuno nthawi yaitali.

"Asisi, nsalu iyi ndaiona penapake."

"Kuti?"

"Pakaliyala ya njinga ya amunanu. Mzimayi wa magalasi, njira ya ku Chiromo. Kawiri konse."

Ndinamva kutentha mpaka m'makutu. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa: mwamuna akatenga mkazi wachiwiri, nsalu amagula ziwiri zofanana kuti wina asadandaule zokondera.

Mai Domingo sanathere pomwepo. "Ndipo Loweruka lino ku holo kuli mitingi. Akuti abwera a bungwe, akukambirana za mitala ndi za anthu okhala ndi okondedwa angapo, koma mogwirizana, onse akudziwana. Sabata yatha amunanu analiko."

Mogwirizana! Anagwirizana ndi ndani? Ine anandifunsa liti? Ine amene ndinalowa naye m'dambo kukazula nyika, timizu ta zomera za m'madzi, toti tidye chaka chimene madzi anakokolola chimanga chathu, lero ndimvere mumsika kuti banja langa likugawidwa pawiri?

Masiku awiri ndinapirira. Loweruka m'mawa bambo aja anasamba mpaka sopo kutha, n'kuvala shati ya kutchalitchi.

"Ndikukatenga kasitomala."

"Muyende bwino," ndinayankha, mano ali chikukutire.

Atangopotoloka, nsomba ndinasiyira mai Domingo. Chitenje chija ndinachimanga m'chiuno zolimba ngati ndikukalima, ine ulendo wa ku holo.

Ndinalowera khomo la m'mbali, pafupi ndi kutsogolo. Mayi wina wa ku Marka anali ataimirira, akulankhula. "Ife ndi mnzanga tinakhala pansi n'kumvana. Iye munda, ine geni. Chopweteka m'banja si kukhala awiri, koma kubisirana." Anthu m'manja phuphuphu!

Kubisirana! Zoona mayi, ndinatero mumtima, ndipo wobisayo ndi uyo apo. Patebulo la kutsogolo panali amuna anga ndi shati yawo ija. Pambali pawo mzimayi wa magalasi, chitenje chobiriwira, maluwa achikasu. Anapendekeka n'kuwanong'oneza kanthu m'khutu, iwo n'kumwetulira. Kumwetulira!

"Iwe Zuze!"

Dzina limenelo ndinali ndisanalitchulepo pagulu chikwatiwire. Holo yonse zii.

"Mai a Lonjezo, ninji? Mwabwera kudzatani?"

Ndinalunjika kwa wa magalasi uja n'kugwira nsonga ya chitenje chake.

"Vula! Vula nsalu ya amuna anga!"

"Mayi, please, tamverani kaye..."

"Please wa chiyani? Pogwirizana munandiitana?"

Ndinakoka kamodzi kokha, chitenje n'kutsala m'manja mwanga. Mwayi wake mkati anali atavala thalauzi.

"Order! Order!" anakuwa bambo wina wa bungwe, uku akumenya tebulo.

Apo azimayi onse anadzambatuka m'mabenchi kubwera kudzaleretsa. Ndinatembenuka kuti ndiwauze asalowerere za m'banja mwanga, koma maso anga anagwera pa zitenje zawo. Woyamba, chobiriwira cha maluwa achikasu. Wachiwiri, chomwecho. Wa ku Marka uja, chomwecho. Mzere wonse mpaka kukhoma, chomwecho! Ngakhale agogo ena oyenda ndi ndodo, opanda ndi dzino limodzi lomwe, maluwa achikasu m'chiuno.

Munthu wanzeru akanaima n'kuganiza. Koma ine nzeru ndinali nditazisiya pabenchi limodzi ndi milamba. Ndinaponya chitenje pansi, manja kumutu.

"Onsewa, Zuze? Onsewa ndi ako? Ndi kabaza yemweyu? Ndi agogowanso?"

"Nkhabe, mwananga!" anakuwa agogo aja, ndodo m'mwamba. "Ine pyenepi za amuna ndasiya kale!"

Holo inaphulika. Ena anagwa m'mabenchi, ena misozi chuchuchu. Bambo wa order uja anabisa nkhope m'kope lake, mapewa akugwedera.

Wa magalasi uja anatola chitenje chake, n'kukung'untha fumbi, n'kundilankhula mofatsa. Kufatsako n'kumene kunandipweteka kwambiri, bola akananditukwana.

"Mayi, ine ndine wotsogolera zokambiranazi. Zitenjezi tinagawira aliyense amene anabwera sabata yatha, azibambo anatengera akunyumba. Bambo Zuze amangondinyamula kuchokera ku Chiromo. Ndiye poti tikufuna kumva mbali zonse, tinawapempha kuti lero alankhule m'malo mwa abambo amene anasankha mkazi mmodzi. Ndimawanong'oneza kuti nthawi yawo yakwana."

Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Koma mkwiyo ukafika pamene unafika wangawo subwerera wokha, umafuna pogwera. Ndinatembenukira bambo aja.

"Ndiye nsalu ija inali yaulere?"

"Ndinati nachi. Sindinati ndagula."

"Nanga za mitingiyi osandiuza bwanji?"

"Ndikanangoti mitala, mukanandilola kumaliza?"

Mayi wa ku Marka uja anandigwira dzanja n'kundikhazika pabenchi pakati pa maluwa achikasu anzanga.

"Bambo Zuze," anatero madam, akumanga chitenje kachiwiri, ulendo uno mfundo ziwiri, "floor ndi yanu."

Amuna anga anaimirira. Anatulutsa kapepala m'thumba la shati, kolembedwa mbali zonse, n'kukayang'ana pang'ono. Kenako anakapinda bwinobwino n'kukabwezera m'thumba.

"Takhuta, zikomo madam. Ndinalemba zambiri zofotokoza chifukwa chimene ine mkazi mmodzi wandikwana." Anandiloza ndi dzanja lonse, mwaulemu wake. "Koma mwadzionera nokha. Awiri otere, mukanandipeza ndili moyo?"

M'manja mmene munaombedwa tsiku limenelo, ndikhulupirira anamva ndi a ku Chiromo omwe.

Ndiye azimayi anzanga, musanavule munthu chitenje pagulu, yambani mwacheuka muone zimene avala akumbuyo.