Ndani Watsitsa Chishalo cha Njinga Yanga?

Lolemba

Kaderno uyu andipatsa anamwino a ku Cuamba kuti ndizilembamo makilo anga m'mawa uliwonse. Anachita kufunsa mkazi wanga, amake Rosa, ngati pakhomo pali wodziwa kulemba. Ine ndili pomwepo! Sukulu sindinapondeko, inde, koma zilembo ndinazitola pa matumba a ufa ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo palibe anandiberapo pa sikelo ya fodya.

Dotolo akuti chigwereni m'munda muja, mtima wanga uli ngati pampu yotha chikopa: ukukankha, koma magazi akuyenda ochepa. Malamulo ake: mchere ayi, makompirimido (ndiwo mapilisi) tsiku lililonse, sikelo m'mawa, kuyenda pang'onopang'ono. Njinga akuti tidikire kaye.

Adikire okha. Lamulungu ndikukweza amake Rosa pa kaliyala mpaka ku misa ku Massangulo. Ukwati tinamangitsira kumeneko, ndipo chibwerereni kuchokera ku Malawi, chaka chilichonse tikagulitsa fodya ndimawapalasira komweko.

Makilo 61. Wina watsitsa chishalo cha njinga yanga. Ndani?

Lachiwiri

Sikelo m'mudzi muno ndi imodzi, ya Che Amadu ogula nandolo, yolendewera mu mtengo wa mango. Ndikulowa m'thumba, akundikoleka, amayi a nandolo ali pamzere kudikira kuti nditsike. Che Amadu akuti, "Fodya uyu ndi wa masamba apansi, sindigula." Ndaseka mano okha.

61.

Nyemba zopanda mchere. Nkhwani wopanda mchere. Mcherewo amake Rosa aumanga pa mfundo ya kapulana, chitenje chawo, akuyenda nawo ngakhale kumjigo. Zaka zonsezi sanandibisirepo kanthu.

Chishalo ndachikweza.

Lachitatu

Kuyesa miyendo: wapansi mpaka kumjigo. Ndapuma katatu, ndikunamizira kuwerenga mbuzi za eni.

Chovuta ndi kakompirimido koyera, kokodzetsa. Dzuwa lisanafike pamutu ndapita kuseri kasanu ndi kawiri! Nanga njira ya ku Massangulo tchire anatentha kale, pobisala palibe. Munthu wamkulu ngati ine, mkazi pa kaliyala, n'kumaima pa chulu chilichonse? Kameneka ndikasiya mpaka tibwere.

Ndikatsinzina ndikuona mtsetse uja usanafike ku mishoni ya ku Massangulo. Mphepo m'makutu, iwo kumbuyo agwira malaya anga, akuyimba ya Maria, mawu akudukaduka ndi mabampu. Sindifuna zambiri. Mtsetse umenewo basi.

61.

Lachinayi

Kakompirimido ndakabisa pansi pa lilime, ndakalavulira kuseri kwa nkhokwe. Tambala watola. Zake zimenezo.

Kwa achimwene a Che Amadu kunali usipa wamchere. Sindinapemphe, anandipatsa okha. Kukana chakudya cha mnzako ndi mwano.

Amake Rosa ali kudimba, ndakwera njinga mpaka pa chulu cha kumanda. Kupita bwinobwino. Pobwerera ndakankha, m'chifuwa muli phaa, ngati ndasenza belo la fodya. Ndi kusazolowera chabe.

Makilo 62. Mwina thumba linali lonyowa.

Lachisanu

Kachiwiri tambala wadya. Iye akuoneka wopepuka.

Ine nsapato zakana. Ndikadina chala pa mwendo pakutsala dzenje ngati pa dothi loumbira mbiya. Chagada sindikugona, mpweya ukuthawa, ndatsamira thumba la chimanga.

Che Amadu lero sanandiseke. Ayang'ana sikelo, ayang'ana ine, n'kunditsitsa ndi manja awiri ngati dzira. Bola akanandinyoza.

Ndinati ndilembe 61. Ndi 63 ndi theka.

Amake Rosa sadziwa kuwerenga, koma atola nsapato zanga pakhonde n'kuziika patsogolo panga. "Bambo, valani tione." 

Loweruka

Pa mota, njinga yamoto, mpaka kuchipatala cha ku Mandimba, ine pakati ngati katundu.

Anamwino apempha kaderno kuti aone makilo. Awerenga zonse! Za usipa, za chulu, za tambala. Ndimayesa aona manambala okha. Andibaya jakisoni, andikhazika mpaka masana. Akuti madzi amene sindikodza amayamba m'miyendo n'kukwera m'mapapo, mtima wotopa sungawakankhe, ndipo ndikanachedwa akanandigoneka. Akuti makilo akakwera awiri ndizibwera osadikira kuti nsapato zinene. Pomaliza afunsa ngati tambala ali bwino.

Za njinga: kukhalapo inde, kupalasa ayi.

Madzulo ndapeza wakuba wanga. Amake Rosa, sipanala m'manja, akutsitsa chishalo. Akuti masabata aja ndinagona ku Cuamba, wowafikitsa kumsewu kukakwera shapa, minibasi ya kuno, panalibe. Anaphunzira okha kupalasa kuseri kwa dimba, m'mamawa anthu asanadzuke. Chipsera cha pabondo chija anandiuza kuti ndi khasu.

Ndinafuna kukalipa. Mpweya wokalipira ndinalibe.

Lamulungu

Kakompirimido ndameza amake Rosa akuona, ndatsegula pakamwa ngati mwana. 62, akutsika.

Ku Massangulo sitinapite. Akuti ndi kutali, miyendo yawo siyafika pamenepo. Tapita ku kapela ya kutsidya kwa dambo. Iwo pa chishalo, ine pa kaliyala, chipewa ndakokera kumaso. Che Amadu atipatsa moni, ndayankha ngati sindine.

Amapalasa mokhotakhota, mabuleki amagwira mochedwa. Ndawauza kawiri. Akuti wokwera kumbuyo ntchito yake ndi kuyimba.

Sindinayimbe. Ndimayang'ana msana wawo. Zaka zonsezi iwo akuona wanga, ine wawo sindinauonepo kuchokera pano. Wachepa. Pansi pa duku patuluka imvi zimene sindikuzidziwa.

Pali kamtsetse kakang'ono usanafike pa dambo, kosafika n'komwe theka la ka ku mishoni. Mphepo inafika m'makutu pang'ono. Ndinagwira kapulana yawo, pa mfundo ya mchere pomwepo, ndipo sindinamasule.

Chishalo chikhale pomwe achiika.