Chingerezi cholandirira bambo a Jesi

Lolemba
Bambo a Jesi akubwera Lachisanu pa sitima, atatha zaka akuphikira azungu ku Halale. Alamu akuti kumeneko akazi amalankhula Chingerezi ngakhale potunga madzi, ndiye mwamuna wozolowera zimenezo sangakhalitse kuno ku Usisya. Ine sindifuna abwererenso. Ndiwalandira m'Chingerezi, basi!

Lachiwiri
Ndapita kwa aphunzitsi a Mhone ndi mbale ya usipa. Andipatsa mawu awa:
"happy", kukondwa wamba;
"glad", ukaona mlendo;
"cheerful", munthu wosekerera ngakhale chinangwa chamuolera;
"delighted", chimwemwe chodzaza tsaya.
Kukondwa kokhaku mitundumitundu! Azunguwa amalima nthawi yanji?

Lachitatu
Ndikuyeserera poviika chinangwa. "Delighted" akukana kutuluka, lilime likungopindika. Apongozi andimva. Akuti munthu wolankhula yekha chilankhulo chachilendo ndi vimbuza zimenezo, ndipo ayamba kufunsa za oimba ng'oma. "Delighted" ndamusiya m'madzi momwemo.

Lachinayi
"Cheerful" ndamuyesa pa Jesi. Mwanayu waseka mpaka kugwa, kenako wakalengeza mudzi wonse. Kunyanja amayi akundiitana kuti Dona. "Cheerful" nayenso apite.

Lachisanu
Sitima yafika. Suti, chipewa, njinga! Ndikuti nditsegule pakamwa, apongozi ayamba kulira. Ndinaiwaliratu kuti wochokera kutali amayamba wauzidwa onse amene anatisiya iye kulibe. Amalume awo, azakhali, khanda la alamu. "Glad" pamaliro? Ndamumeza.

Loweruka
Tsiku lonse bambo a Jesi khomo ndi khomo kupepesa maliro, ine pambuyo pawo. "Happy" wasowa polowera. Mantha andigwira. Kodi sakundiona ngati mbuli?

Lamulungu
Tabwera kutchalitchi, tatsala awiri. Ndagwada, ndawapatsa madzi osamba m'manja, ndalimba mtima:
"I am happy."
Akuti mawu amenewo ankawanena m'mawa uliwonse kwa dona wawo, ngakhale atawatukwana dzulo lake chifukwa cha supu.
"Amake Jesi, ine ndabwera kudzapuma. Ndiuzeni m'Chitonga."
Ndawauza, misozi ili chuchuchu. Akuti ku Halale sadzapondakonso phazi.
Chingerezi changa chathera pamenepo. Usipa wanga uja aphunzitsi anadya kale, ndipo ku nyanja ndidakali Dona.