Nkhuku Ziwiri, Fizi Palibe

Lolemba

Kalata yochokera kusukulu ya ubusa ili patebulo. Anditenga, ine wa imvi zangazi! Koma gawo loyamba la fizi lifike pasanathe Lolemba likubwerali, apo ayi malo apatsa wina. Oti ndikawapemphe:

1. A Kachingwe, mkulu wa mpingo
2. Mayi Nasimango a ku Chitawira
3. A Jafali, ngati zavuta

Vuto ndi limodzi. Zaka zonsezi wolankhula pakhomo pano anali mkazi wanga, malemu Esinati. Ine ndinkangovomereza.

Lachiwiri

Kwa a Kachingwe. Moni, tiyi, mbatata. Ndikuti nditulutse kalata, iwo ayamba kukumbukira mmene Esinati ankayimbira m'kwaya. Tonse maso pansi. Pempho silingalowe pamenepo. Andiperekeza mpaka pasiteji atandinyamulira nkhuku. Kalata sinatuluke m'thumba.

Lachitatu

Chitawira. Lero ndatulutsa kalata ndisanakhale n'komwe. Mayi Nasimango awerenga mizere iwiri, nthungululu. "Abusa m'nyumba mwanga!" Aitana aneba. Ndapempherera mwendo wotupa, mayeso a mwana, ndi fuliji yokana kuzizira. Za fizi zili kuseri kwa pepala, palibe watembenuza. Ndabwerako ndi nkhuku yachiwiri komanso tayi ya malemu amuna awo.

Lachinayi

Nkhani yafika kale kuno ku Chimwankhunda. Amayi atatu a mpingo pakhomo m'mamawa. Mtima ukuti abweretsa envulopu. Ayi. Akuti m'busa wopanda mayi busa saoneka bwino, ndipo mayina alipo okwanira, ndingosankha. Nawonso alemba mndandanda wawo, wautali kuposa wanga. Ndathokoza. Atapita ndasesa pabwalo kawiri, chinyalala palibe.

Lachisanu

Limbe. A Jafali, mnzanga wachisilamu amene tinkayendetsa naye malole, akutuluka mu mzikiti. Ayang'ana jekete yanga, ayang'ana ine. "Achimwene, nkhope iyi ndi yopempha. Pemphani." Ndachita chibwibwi. Andifumbatitsa zomwe zinali m'thumba mwawo, akuti ndikadzamaliza sukulu ndisadzayambire pa iwo kutembenuza anthu. Sizikufika patali, komabe ndi ndalama yoyamba sabata ino.

Loweruka

Nzeru yatsopano: kugulitsa nkhuku. Ndaima nazo pamsika, wogula wapezeka, tikunenerera. Kumbuyo kwanga mawu a mayi Nasimango: "Abusa, imeneyo si ija?" Mphatso sagulitsa, makamaka mwini wake akuona. Ndati ndimangofuna kumva kuti ikulemera bwanji. Wogula wachoka akuseka. Pobwerera kondakitala wa minibasi wandilipiritsa mpando wa nkhuku.

Lamulungu

A Kachingwe alengeza m'tchalitchi kuti mpingo wathu watulutsa m'busa. M'manja, nyimbo, andiimiritsa kutsogolo. Mpata ndi uwu, anthu onse ali pano, zikwama zili pamiyendo. Ndatsegula pakamwa. Chomwe chatuluka: "Tiyeni tipemphere."

Masana ano ndalembera akusukulu kuti andisungire malo mpaka chaka chamawa. Papepala ndapempha bwinobwino, mizere inayi, osakhosomola ngakhale kamodzi. Kalatayi mawa ndikaisiya kwa mlonda wa pageti, kuopa kuti mu ofesi angandifunse mafunso.