Mfundo Zisanu ndi Ziwiri za Kuleza Mtima

Lolemba

Ndili kunja kwa dziko! Ine wa kwa Nazombe ndili ku Mozambiki! Lole mpaka pa malire, kenako njinga zamoto, msana wonse uli phwanyu. Tilipo asanu ndi atatu: abusa, a Muhiwa mkulu wa mpingo, akwaya anayi, mayi Nampinga ndi ine. Tabwera kudzalimbikitsa kampingo ka kuno kwa sabata yathunthu.

Nkhani yaikulu: abusa alonjeza kuti mawa masana ndilalikira. Zaka makumi awiri mu mpingo, ine ndi tsache, ine ndi miphika ya alendo. Kutsogolo sindinaimepo. Ulendo uno mthiko sindigwira.

M'chikwama muli:
- yunifomu yosita bwino
- nsapato za mwana wanga (zikuthina)
- kope la ulaliki, mutu wake "Kuleza Mtima", mfundo zisanu ndi ziwiri
- Chipwitikizi, mawu anayi

Koma kunja kwake! Chinangwa ngati chakwathu, nandolo ngati wakwathu, mbuzi mwano womwewo. Ndikacheuka, phiri la Mulanje lili apo kundiyang'ana.

Tikugona kwa mayi Rozalina. Ndawaponyera "bondiya" wanga mwaulemu wonse. Iwo: "Ameneyo ndi moni wam'mawa, amayi. Kodi si inu mumagulitsa tomato pa Chiringa?"

Lachiwiri

M'mawa khomo ndi khomo, ine ndi mayi Nampinga. Nyumba yoyamba, bambo wachikulire akutimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Ndikumufunsa ngati angakonde kudzaona tchalitchi chathu. Akuti anachimanga ndi iyeyo.

Makomo asanu ndi limodzi, mbale zisanu ndi imodzi za chinangwa chophika. Kukana nkosatheka. Ndikuyenda ngati ndameza mtondo.

Masana tchalitchi chadzaza, kope lili pamiyendo. Abusa apempha a Muhiwa kuti anene "mawu ochepa olonjera". Womasulira akutembenuzira m'Chilomwe, ndipo pa mawu atatu aliwonse akuwonjezapo ake khumi. Awiriwa akondana. Dzuwa likupendeka, ana akugona, nkhuku zayamba kulowa m'khola.

Abusa: "Mawa, mayi. Mawa ndithu."

Chondipweteka: mfundo yachiwiri ndi yachisanu a Muhiwa azilalikira. Ndinawawerengera ndekha mu lole dzulo. Zatsala zisanu.

Lachitatu

Tsoka la kalongonda!

Mayi wina watipatsa dengu la kalongonda. Mwana aliyense wa ku Phalombe amadziwa kuti nyemba zimenezi zimaphikidwa tsiku lonse, kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuwiritsa ndi kutaya madzi, apo ayi zimazunguza mutu. Koma mayi Nampinga, amene ali ku khitchini sabata ino, anakulira ku Limbe. Awiritsa kamodzi, athira mchere, apakula.

Ine sindinadye, ndinali kuseri kwa nyumba kulalikira mitengo ya mapapaya.

Zotsatira zake:
- abusa, mbale ziwiri, agona pansi pa mango, akuti wina agwire dziko lisiye kuzungulira
- akwaya atatu akusanza mosinthana
- wachinayi akungoseka, chomuseketsa sakuchidziwa
- a Muhiwa, mbale zitatu, ali bwinobwino ndipo akufunsa ngati zatsalako

Msonkhano kulibe. Mayi Nampinga ndawakalipira mpaka anthu a kuchitsime atembenuka. Kope la Kuleza Mtima lili m'khwapa nthawi yonseyi. Mfundo yachitatu ndi ya kugwira lilime. Ndaifufuta, sindingainene pamaso pa mboni.

Abusa, maso ali chitsinzinire: "Mayi, tapulumutsaniko khitchini. Lero lokha."

Lachinayi

Ndidakali ku khitchini.

Akundithandiza ndi Luiza, mwana wa mayi Rozalina. Ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno, mwana woyamba, mwamuna ali kutali ku ntchito. Tikusenda nandolo. Kenako akundiuza kuti mkulu wake anamwalira pobereka zaka ziwiri zapitazo, ndipo chiyambire pamenepo bambo awo, a Antonyo, sapondanso m'tchalitchi. Luiza akuti akuopa.

Ndayang'ana m'mutu mwanga mfundo yomuyenera, palibe. Ndangomugwira dzanja nkupemphera m'Chilomwe changa chothyokathyoka, chija ndinasiya ndili mtsikana. Pakati pa pemphero akuphulika kuseka. Akuti ndadalitsa mphika m'malo mwa mimba. Taseka mpaka misozi. Amen sitinafikeko.

Foni imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha. Ndakwera ndi nsapato zothinazi. Abambo akunyumba: "Mwalalikira?" Mawa. "Chabwino. Nanga sefa munaika pati?"

Masana ndavala yunifomu. M'tchalitchi muli nkhalamba zitatu ndi galu. Lachinayi kuno ndi tsiku la msika, palibe anatiuza. Abusa akuti ulaliki wotere usathere pa anthu atatu.

Pobwerera ndapeza mayi Nampinga andikolezera moto, kufuna kupepesa. Nkhuni zinali zonyowa, ndiye ang'amba timapepala m'kope lina lomwe linali pa mtondo. Ndayang'ana moto. Ndayang'ana mayi Nampinga. Ndanena kuti zikomo.

Zatsala ziwiri, ina yopanda mathero.

Lachisanu

Ndaima kutsogolo! Tchalitchi chodzaza, ena pa mawindo. A Muhiwa abusa awakhazika kumbuyo kwenikweni. Ndatsegula kope. "Abale ndi alongo." Womasulira wamasulira. Ndakoka mpweya.

Pakhomo mayi Rozalina, mpango uli m'manja: "Amayi a tomato! Luiza!"

Matenda ayamba, ndipo akukana kukwera njinga popanda ine. Ndayang'ana abusa, abusa ayang'ana kudenga. Kope ndalisiya pa tebulo.

Njinga imodzi anthu atatu: woyendetsa, Luiza, ine kumbuyo kumugwira. Mayi Rozalina pa ina. Chipatala chili kutali, msewu ndi mayenje okhaokha. Pa kamtsinje nsapato imodzi yapita ndi madzi. Ipite, imandiluma.

Anamwino akulankhula Chipwitikizi chothamanga, ine ndikungoyankha "obrigada", zikomo wawo, pa chilichonse. Luiza wandigwira dzanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zala zanga sindikuzimvanso. Akuti, "Musandisiye, amayi." Ndikuti ndipita kuti ndi nsapato imodzi.

Mwana wabadwa. Wamkazi. Sakulira.

Anamwino akumupukuta, akumusisita kamsana. Mayi Rozalina agwada pakona. Ine chibadwire sindinapempherepo ngati mmene ndapempherera pamenepo, ndipo mawu ake anali awiri okha, Ambuye chonde, Ambuye chonde.

Kenako kalira. Mawu ngati kambuzi! Tonse talira, ndi woyendetsa njinga yemwe panja.

Ndamva kuti ku tchalitchi a Muhiwa anadzipereka kutseka mpata.

Loweruka

Luiza ndi mwana ali bwino, abwera madzulo ano. A Antonyo apha mbuzi. Ophika ndani? Sindinadikire nkomwe kufunsidwa.

Ine ndi mayi Nampinga taphikanso kalongonda, mwa malamulo ake. Ndikuwaonetsa madzi akuda aja tikuwataya. Iwo akulemba m'kope langa, kuseri kwa mfundo yachisanu ndi chiwiri. Tagwirizana kuti za Lachitatu sizikatuluka ku Malawi.

Anthu adya, anyambita zala. Abusa akuti ali pa kusala.

A Antonyo andiitanira pambali, chipewa chili m'manja. Akufunsa kuti mapemphero mawa ayamba nthawi yanji, komanso ngati benchi yawo ija ya pafupi ndi windo ilipobe. Ndawauza kuti ilipo. Sindikudziwa ngati ilipo. Ndathamanga kukauza akwaya kuti aikepo ina.

Abusa akuti mawa andipatsa mphindi zisanu tisananyamuke. Mfundo imodzi ikwana.

Lamulungu

A Antonyo abwera, jekete ndi tayi, akhala pa windo. Mayi Rozalina nyimbo yonse akuimba akuyang'ana komweko.

Anjinga afika msanga, akuti kukubwera mvula ndipo kamtsinje kaja kakadzaza tigona kuno. A Muhiwa apempha kunena "mawu ochepa otsanzika". Atatha, mahutala ali pipiii panja, abusa akuti, "Mayi, titsekereni ndi pemphero lalifupi." Ndatseka. Linali lalifupi.

Basi. Ndavomera. Mwina guwa si langa.

Tikukwera njinga, a Antonyo akubwera akuthamanga ndi bakha wamoyo, miyendo yomanga ndi luzi. Akuti ndi wa agogo a mwana a ku Malawi. Ndamunyamula pamiyendo njira yonse. Zimene wachita pa yunifomu sindilemba. Pa malire msilikali wafunsa ngati naye ali ndi chiphaso.

Kunyumba mbale zonse zakuda, sefa sanapezeke. Abambo akufunsa kuti anthu atembenuka angati. Ndawawerengera: mmodzi wabadwa, mmodzi wabwerera, abusa achira.

Iwo maso ali pa bakha. "Nanga uyu, lero kapena mawa?"

Ndawauza kuti asayerekeze. Amange khola, ndipo likhale labwino. Mpaka litatha, bakha agona m'khitchini, ndipo wayamba kale kudya gaga wa nkhuku zanga.