Timaudzu ta a Manuel

Kuno ku Nyampande, malemu a Manuel Tembo sankayang'ana munthu kumaso popeleka moni. Iwo ankayambila kumiyendo! Iwe uli "Mwauka bwanji bambo?", iwo maso ali pamsongolo pako, kusaka chilonda.

Eni akewo anavutika nacho zaka zisanu, mpaka anamwino atawaphunzitsa kutsuka ndi madzi owilitsa a mchele n'kumanga ndi nsalu yoyela. Kungochila, basi munthu anasanduka mlaliki.

Tsiku lina anapeza a Bwezani, mlimi wa tomato, akuthila phulusa la batile pabala la khasu.

"Mwendo wanuwo ndi wailesi?"

"Amati limaumitsa, bambo."

"Ukayamba kuimba mundiitane!"

Koma amene anawadya mutu anali amai Bernadette Mwanza. Chilonda cha pakakolo chinawasowetsa mtendele zaka zitatu, ndipo kukiliniki ankakuopa poganiza kuti akawadula mwendo. A Manuel anawakweza panjinga n'kupita nawo, akuwakalipila njila yonse. Atabwelako ndi mankhwala, Loweluka lililonse a Manuel ankafika kwa amaiwo, n'kudula kaudzu kolingana ndi kukula kwa chilondacho, n'kukasomeka pamng'alu wa khoma.

"Sichikusintha ichi," amaiwo ankadandaula.

"Maso amanama, amai. Funsani udzu."

Zoonadi, ka lelo kankafupikilako poyelekeza ndi ka sabata yatha. Tsiku lomwe mbuzi inadya timaudzu titatu, aa, kunali fumbi! A Manuel anaithamangitsa mpaka kumadimba, akukuwa kuti yameza mafailo a chipatala.

A Manuel anatisiya nyengo yozizila, chilonda chija chisanatseke. Amai Bernadette anataya mtima. Loweluka anakhala pakhonde kuyang'ana kunjila, koma njinga sinatulukile. Analila ndithu. Kenako anawilitsa madzi, natsuka, namanga, nadula kaudzu okha. Kanali kofupikilako.

Pofika mvula yoyamba, kaudzuko kankakanika kugwila ndi zala. Sabata yotsatila panalibenso choyeza.

Masiku ano kuno kwazizila, anzanga. Mbuzi zikudya mwamtendele, ndipo moni tikupatsana kumaso ngati anthu wamba. Timawasowa. Koma mukakumana ndi amai Bernadette akuchokela kudimba, mtolo pamutu, miyendo yonse iwili ili gwa, musakhumudwe akachedwa kuyankha moni wanu. Amayamba ayang'ana pamsongolo.