Mutale Wapeza Ntchito ku Kabulonga

Lolemba

Mutale wapeza ntchito. Ku Kabulonga, kwa anthu olemera!

Ndaona chithunzi chake pafoni m'mawa uno ndili mkati mosesa. Waima pakhomo la ofesi yagalasi, chitupa cha kuntchito chili lende pakhosi, tsitsi latsopano lofika m'chiuno. Pansi walemba kuti Mulungu sagona. Ndachikuza chithunzicho mpaka ndaona kuti nsapato nazonso ndi zatsopano. Tsache ndalisiya pomwepo.

Mutale yemweyu. Tinachotsedwa tsiku limodzi ku kampani yathu yogulitsa matailosi ndi mabafa kutauni, eni ake atatseka nthambi yathu. Ine ndinakalambira pa desiki ya makasitomala. Iye anabwera dzanadzanali, ndipo ngakhale kayankhidwe ka foni ndinamuphunzitsa ndine. Tsiku lolandira makalata analira mpaka kundinyowetsa phewa. Ndinamugulira madzi ozizira n'kumukweza minibasi ya ku Chelstone ngati mwana wanga. Lero iye ali ku Kabulonga, ine ndili muno mu Kabwata, ndipo ndayamba kudziwa maina a agalu onse a pamafulati pano.

Si nsanje ayi. Ndikungodabwa.

Watumizanso uthenga. Akuti Lamulungu kutchalitchi kwawo akathokoza Mulungu, "Bana Taonga, musalepele kubwela." Amanditchula choncho potengera mwana wanga Taonga. Ndayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Ndiye ndaganiza. Pofika Lamulungu ndikhale ndi ntchito, yoposa yakeyo, kuti akamathokoza inenso ndizithokoza pamwamba pake. Dongosolo ndi ili:
mawa kutauni ndi maenvelopu;
Lachitatu kwa amalume ku Roma wa mu Lusaka muno, iwo amadziwa aliyense;
chithunzi chija osachiyang'ananso.

A Zulu, amuna anga, abwera kuchokera kusukulu komwe amaphunzitsa, choko mpaka m'makutu. Ndawauza. Akuti ndi nkhani yabwino, mtsikana uja ndi wakhama. Wakhama! Pa nkhuku yadzulo ndawaikira khosi.

Chithunzi ndachiyang'ananso. Ndolo nazonso ndi zatsopano.

Lachiwiri

Magetsi azima ndili pakati posita. Bulauzi mkono umodzi uli see, winawo ngati watafunidwa ndi mbuzi. Ndavala jekete pamwamba, dzuwa la Okutobala lino. Ndikufika kutauni ndili ngati mbatata yophika.

Kulikonse sindinapitirire pa mlonda. Onse mawu ndi amodzi: "Siyani apa mami, bazakufonelani." Wina walandira envelopu yanga ndi ulemu, manja awiri, n'kuiponya m'katoni pansi pa tebulo. Katoniyo yadzaza kale ndi maenvelopu ofanana ndi yanga. Yanga yatsetsereka n'kugwera kumbuyo, kukhoma. Ndamupempha kuti aitole. Wati aitola akamasesa.

Pa ofesi ina ya mabasi onyamula katundu ndapeza mzere wofika pamsewu. Kutsogolo kwanga kuli dazi lomwe ndikulidziwa. A Sakala! Bwana wathu wakale, amene anatigawira makalata aja akutiuza kuti tilimbe mtima. Nawonso envelopu ili m'khwapa. Tapatsana moni, kenako tonse tayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Ndimati mwina tsikuli likoma pang'ono. Koma atembenuka n'kundifunsa ngati ndamva za Mutale. Akuti ofesi yake ndi yobwereketsa nyumba zikuluzikulu kwa anthu a mabungwe, ndipo iwo ankadziwa kale kuti mtsikanayo adzafika patali. Ankadziwa kale, koma anamuchotsa!

Pobwerera ndakhala pampando wa pa injini. Ndapsa kawiri.

Mapazi ali m'beseni. Foni ili pambali, phee.

Lachitatu

Ku Roma. Amalume anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndipo pamaliro paliponse amanena kuti mu Lusaka muno mulibe khomo limene sangagogode.

Andikhazika pakhonde n'kuyamba kutchula anthu awo akuluakulu. Woyamba anamwalira. Wachiwiri anabwerera kumudzi ku Katete, akuweta nkhumba. Wachitatu alipo, ali ndi kampani yaikulu ku Makeni, koma sayankhulana chifukwa pa maliro a woyamba uja anakanganirana mpando. Wachinayi amuimbira ine ndikumva. Wayankha mdzukulu, akuti agogo masiku ano samva.

Kenako andipatsa foni yawo kuti ndiwakonzere, zilembo zachepa. Ndakonza. Andipempha ndiwerenge mapepala a mankhwala awo a shuga. Ndawerenga. Andiuza mbiri yonse ya mmene anapezera ntchito yoyamba: akuti anangolowa mu ofesi atavala kabudula, mzungu n'kuwafunsa ngati amadziwa kulemba.

Andiperekeza ndi jumbo ya mandimu. Pageti atsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndikudziwa munthu aliyense amene angathandize mwana wawo Kondwani, yemwe ali pakhomo chimalizireni sukulu. Munthu ndikumudziwa. Sindinamutchule.

Ndili mu minibasi Mutale waimba. Ndayang'ana dzina lake mpaka foni yatopa yokha. Waimbanso. Mayi wokhala pambali panga wandigwedeza kuti mami foni ikulira. Ndamuuza kuti ndi anthu otsatsa malonda.

Koma madzulo ano, uthenga! Nambala yachilendo. Akuti aona mapepala anga, ndipite mawa ku Woodlands, akufuna anthu ofuna kukwera pamwamba. Woodlands! Kabulonga ndi Woodlands n'zoyandikana, ndipo ena amati Woodlands ndi yabwinopo, kuli bata. Magetsi alipo, ndasita bulauzi mikono yonse iwiri. A Zulu ndawaikira ntchafu.

Lachinayi

Sindikufuna kulemba. Koma ndilembe.

Si ofesi, ndi holo ya pa loji. Mipando yapulasitiki, anthu thoo, theka la iwo ndinali nawo pamzere Lachiwiri. Kutsogolo kuli mnyamata wa suti yothina, akukuwa pa maikolofoni kuti ntchito yolembedwa ndi ukapolo. Zogulitsa ndi tiyi wochepetsa mimba. Ugule bokosi lako, upeze anzako agule awo, iwonso apeze anzawo, kenako galimoto. Atiimbitsa m'manja. Atiuza kuti aliyense auze mnzake kuti ndiwe bwana. Amene ndatembenukira kuti ndimuuze ndi a Sakala.

Pa khomo mtsikana wawo wandiyang'ana pamimba n'kunena kuti ine ndingakhale umboni wabwino. Ndatuluka.

Kunyumba ndapeza a Zulu akundidikira. Akuti Mutale waimbira iwo, poti ine sindiyankha. Ku ofesi kwake akufuna munthu wokhala pakhomo, wolandira alendo ndi kuyankha foni, ndipo iye wauza kale bwana wake za ine. Ndafunsa kuti munthu wapakhomoyo azilamulidwa ndi ndani. A Zulu akanda m'mutu. Ndi Mutale.

Ndayankhula zambiri. Kuti ine ndikayankhe "inde madamu" kwa mwana amene ankandipempha sitepula? Kuti akandilembere nthawi yofikira? A Zulu angoti, "Amake Taonga, mphika sufunsa kuti moto wayatsa ndani." Ndawauza kuti miyambi akaphunzitse kusukulu.

Kenako Taonga. Amatsuka mbale, ine ndimayesa sakumva. Osatembenuka n'komwe wati, "Amama, temu yamawa ningapite chabe pa sukulu ya apa pafupi. Siniyopa."

Mwana amene amadzuka kusanache kuti akapeze malo mu minibasi ya kusukulu yake yodula yakutali, amene amati adzakhala dokotala. Ndamuuza kuti asiye zolowerera nkhani za akulu, atsuke bwino mapoto. Ndalowa kubafa ndipo ndakhalitsako.

Lachisanu

Ndapita ku Kabulonga. Kukangoona basi, osati kukapempha.

Ndaima tsidya la msewu pansi pa mtengo wa jakaranda, ngati ndikudikira munthu. Mumtima ndimayembekeza kuti chithunzi chija chinali bodza, kuti mwina anajambulira pakhomo la eni, ofesi yake ndi kakontena kuseri. Ayi ndithu. Kapinga wobiriwira mwezi uno! Madzi akuwaza okha.

Mlonda wandiona. Wawoloka msewu n'kundifunsa kuti mufuna chani apa mami, mwaima nthawi yaitali. Ndisanapeze bodza, ndamva dzina langa. Mutale akuthamanga pa nsapato zazitali zija, manja ali m'mwamba. Wandikumbatira. Akununkhira ngati shopu yodula ya pa molo. Ine ndikununkha minibasi, m'mutu muli maluwa a jakaranda.

Mkati mukuzizira. Tiyi wa mkaka weniweni, osati waufa. Chimbudzi chili ndi sopo wamadzi ndi galasi lofika pansi. Ndafufuza paliponse choti ndinyoze, ndapeza duwa limodzi lofota pawindo. Ndaligwira. Ndi lapulasitiki, analipanga choncho dala.

Choipitsitsa n'chakuti Mutale sanasinthe. Akanandinyadira ndikanapeza pogwira. Koma wandikokera kwa bwana wake, mayi wina wa imvi zometa bwino, n'kunena kuti, "Aba ndiye bananiphunzisa vonse. Kasitomala akabwela okalipa, amachoka aseka." Ndayang'ana pansi. Ndi zoona, koma sizikoma kuzimva kuchokera kwa iye.

Bwanayo wandifunsa mafunso ochepa, ndayankha bwino, pakuti ntchito ndimaidziwa. Wati ngati ndikufuna ndiyambe Lolemba, ndimuyankhe mawa lisanathe.

Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndati ndikaganize kaye chifukwa pali ena angapo amene akundifuna.

Mutale wati akumvetsa, munthu ngati ine sangasowe. Wandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundipatsa kabotolo ka madzi ozizira. Ndamwa. Ndinali ndi ludzu.

Loweruka

Ena angapo aja sanaimbe. Yaimba ndi nambala ya tiyi, akuti bokosi langa likundidikira.

Ndapita kusaluni ya kumsika kuno, kwa Ba Grace, amene amaluka tsitsi theka la Kabwata ndipo Mutale nayenso amalukitsa komweko. Cholinga sichinali tsitsi. Ndimafuna kumva kuti ntchitoyo anaipeza bwanji, pakuti ntchito za ku Kabulonga sizigwa ngati mango. Ndaponya mawu pang'onopang'ono, kuti atsikana a masiku ano ali ndi njira zawo. Ba Grace angoti Mutale anaona chilengezo, analemba, anamuitana. Basi? Basi. Ndafunsa ngati kulibe mwamuna wina wamkulu kumbuyo. Akuti bwana ndi mzimayi. Ndimadziwa kale, koma munthu umayesa.

Ndiye mtsikana wina amene amaumitsa tsitsi pakona watulutsa mutu m'chimakina chija. Ndi mng'ono wa Ba Grace, dzina lake Precious, zikhadabo zazitali ngati mafoloko. Akuti wamva kuti ku ofesi kwa Ba Mutale kuli malo apakhomo, munthu amene anamupatsa akunyada, ndiye iye Lolemba alawirira komweko ndi mapepala. Akuti ntchito yake ndi yosavuta, kungokhala pozizira n'kumamwetulira.

Pozizira panga! Tiyi wanga wa mkaka! Mwana woti sangagwire n'komwe foni ndi zikhadabo zimenezo!

Ndadzuka tsitsi lili theka. Ndaima panja pafupi ndi ogulitsa makala n'kulemba uthenga kwa Mutale kuti ndaganiza, ena aja ndawakana, ndibwera Lolemba. Wayankha nthawi yomweyo ndi timitima tambirimbiri.

Ndabwerera mkati n'kukhala pansi. Ndamuuza Precious kuti mtundu wa zikhadabo zake ndi wokongola.

A Zulu atamva sananene mwambi. Angopita kukagula nkhuku. Taonga akuimba kubafa.

Lamulungu

Dongosolo lija latha. Ntchito ndapeza, koma yoposa ya Mutale ayi. Ndi yapansi pa Mutale penipeni.

Tapita kutchalitchi kwawo ku Chelstone. Ife a Reformed tinazolowera kulowa, kuimba nyimbo za m'buku, kutuluka dzuwa lisanafike pamutu. Uku ng'oma, magitala, zimkuzamawu zazitali ngati mafiriji. A Zulu amawomba m'manja mophonya.

Mutale waitanidwa kutsogolo. Diresi loyera, lokhala bwino. Wathokoza chifukwa cha ntchito, walira pang'ono, kenako wanditchula. Wati ndiimirire anthu andione, mayi amene anamugwira dzanja tsiku lamdima, amene mawa akayambe naye ntchito. Tchalitchi chonse chandiwombera m'manja. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Mumtima ndati chabwino, zatha, ndapirira.

Sizinathe. Wati pali umboni wachiwiri. Waitana mwamuna wina wa pamzere wakutsogolo, n'kukweza dzanja kuti tione mphete. Ukwati mvula ikatha. Azimayi aimba nthungululu mpaka mwana wa pambali panga wadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Panja wandigwira manja onse awiri. Akuti kuntchito ndisadzamutchule madamu, ndizingoti Mutale. Akutinso pa phwando la kukhitchini, la azimayi ukwati usanachitike, akufuna ine ndikhale wapampando wa komiti, palibe wina amene amamukhulupirira chonchi.

Ndavomera. Ndikanatani?

Mwamunayo ndamupatsa moni. Ndi injiniya. Waulemu, mano oyera, wamtali mpaka ndachita kukweza khosi. Pobwerera mu minibasi a Zulu, amene amandilekeza m'phewa, andifunsa chifukwa chake ndikuwayang'ana pamutu choncho.